Satifiketi ya pa foni sibaya jakisoni

Mawu akuti "kosi imeneyo ndinamaliza pa foni" achuluka m'mawodi, ndipo ena amawanena ngati nkhani yathera pomwepo. Maphunziro a pa intaneti si oipa ayi. Namwino wa chipatala chaching'ono chakumudzi, yemwe sangasiye odwala sabata yathunthu kukakhala m'kalasi ku Lilongwe, atha kuwerenga usiku n'kupeza mapointi a CPD, osonyeza kuti akupitiriza kuphunzira za ntchito yake, ofunika pokonzanso laisensi. Chotopetsa ndi kudinadina mpaka satifiketi ituluke, mayankho ake ochita kutumiziridwa pa WhatsApp.

Taonani magnesium sulphate, mankhwala a mayi woyembekezera amene BP yakwera mpaka kuyamba kuphupha. Kosi imanena zoona: poyamba magalamu 4 mumtsempha pang'onopang'ono, kenako magalamu 5 thako lililonse. Koma mankhwala amene ali mu wodi nthawi zambiri ndi a mphamvu ya 50%, ndipo olowa mumtsempha ayenera kusungunulidwa afike 20%: mamililita 8 a mankhwala, 12 a madzi a jakisoni. Pa foni ndi samu yophweka. Pakati pa usiku, magetsi atazima, abale akulira pakhomo, dzanja losazolowera limakankha sirinji mofulumira, mayi n'kusiya kupuma. Mayi asanapatsidwe mankhwala ena, wina awerenge ngati akupuma kosachepera ka 16 pa mphindi, agogode bondo aone ngati mwendo ukudumpha, ayeze ngati mkodzo ukukwana mamililita 30 pa ola. Nanga calcium gluconate wothetsa mphamvu ya mankhwalawa akachuluka m'thupi ali kuti? Palibe kosi yomwe idzakuuzeni kabati yake, kapena kuti kiyi wapita ndi ndani.

Choncho amene wamaliza phunziro asungunule mankhwalawo ndi manja ake, mnzake wodziwa akuyang'ana, kawiri katatu, tsiku la ngozi lisanafike.

Inu akunyumba, chenjerani ndi anthu obaya jakisoni m'makomo ndi m'maokala, okhoma mapepala osindikiza pakhoma. Satifiketi ya kosi si chilolezo chogwira wodwala. Chilolezo chimachokera ku Medical Council of Malawi kapena ku Nurses and Midwives Council of Malawi, ndipo kufunsa si mwano. Mayi woyembekezera akamva mutu waukulu, m'maso mukuchita chidima, nkhope yatupa, musataye nthawi kwa anthu otere kapena kudikira kuche. Pezani njinga kapena galimoto, mupite naye kuchipatala nthawi yomweyo, buku lake la sikelo lili m'manja.