Super Vel, kampani ya zipolopolo yomwe inkagula katundu kwa opikisana nayo

Kuno ku Indiana, ku America, ukamagwira ntchito yokonza mfuti ngati ine, dzina la Super Vel sungalizembe. Kampaniyo inatseka kalekale m'ma 1970 koma madala amene anali apolisi nthawi imeneyo akangoona kabokosi kake kachikasu kolembedwa zofiira, nkhani imayambika ndipo siitha msanga, ena mpaka amaiwala chomwe abwerera pashopu. Amalawi anzanga amene mumayenda msewu wa I-74 kuchoka ku Indianapolis kupita ku Cincinnati mumadutsa pa katawuni kotchedwa Shelbyville, pamenepo ndi pomwe panali fakitale yake, ndipo zipolopolo zomwe wapolisi wa ku America amanyamula m'chiuno lero zili ndi kambiri kake pamalo amenewo.

Ambiri amaona chipolopolo ngati chinthu chimodzi pomwe ndi zinthu zinayi. Pali khoko la mkuwa, pali wonga m'kati mwa khokomo, pali primer, kachitsulo kakang'ono ngati batani kokhala kuthako kwa khoko komwe kakamenyedwa kamathetheka n'kuyatsa wonga uja, ndiye pali mutu, womwe kawirikawiri umakhala wa mtovu. Mfuti ikalira chimene chimauluka ndi mutu wokha basi. Wonga wapsa, primer yatha ntchito, koma khoko limatsala, lotentha, lada mwaye kukamwa, litafufuma pang'ono chifukwa cha pulesha, ndipo pa zinthu zinayi zija khokoli ndi lomwe limadya ndalama zambiri popanga. Ndiye kulitaya kumawawa.

Apa ndi pomwe panabadwira bizinesi yodzazanso zipolopolo. Khoko lija amalitsuka, amalikanikiza mu chikombole chachitsulo kuti libwerere pa saizi yake, kasingano n'kukankha primer yakale kugwera pansi, amaika yatsopano, amathira wonga woyeza bwinobwino, amakhazika mutu wina n'kupana kukamwa kuti usagwedere. Khoko limodzi la mfuti ya volovolo limatha kuzungulira kambirimbiri lisanang'ambike kukamwa. Chinawathandiza anthu a ku America ndi mtundu wa primer womwe dziko lawo linasankha, wa Boxer, womwe uli ndi kabowo kamodzi pakati moti kuichotsa n'kosavuta, pomwe ku Ulaya anakonda wa Berdan wa timabowo tam'mbali tovuta kugwira. Chosekesa n'choti Edward Boxer anali Mngelezi, Hiram Berdan ndiye anali wa ku America, aliyense nzeru yake inakatchuka kwa mnzake.

M'ma 1950 ndi 1960 pafupifupi chigawo chilichonse chinali ndi munthu wake wodzazanso zipolopolo, wina m'galaja, wina m'kashedi kuseri kwa nyumba, ndipo makasitomala akuluakulu anali apolisi. Wapolisi wa nthawi imeneyo ankanyamula volovolo ya .38 Special, ndipo ubwino wa volovolo makoko samwazika pansi, amatsalira m'mfutimo, ndiye pophunzira kuwombera munthu ankangowakhuthulira m'chitini. Chitini chikadzadza chimapita kwa wodzaza uja, iye n'kubweza mabokosi odzaza kale pamtengo wotsika, chimodzimodzi momwe timabwezera mabotolo a Fanta pagolosale kumudzi. Mashini otchuka pa ntchito imeneyi anali a Star Machine Works ya ku San Diego, ukakoka chogwirira kamodzi makoko angapo akugwiridwa ntchito nthawi imodzi, chipolopolo chotha chikugwera m'kabokosi. Zambiri zinali zophunzirira, zamutu wophwatalala wolemera 148 grain (grain ndi muyeso wa kulemera kwa mutu) womwe umaboola pepala la chandamale mozungulira bwino kuti owerenga mapointi asakangane.

Lee Jurras anachokera m'gulu la anthu amenewa, odzaza okha n'kumayesa okha, ndipo mu 1963 anayambitsa Super Vel pa Shelbyville. Iye sanakhutire ndi kudzazanso zomwe makampani akuluakulu ankapanga kale, anaona vuto lomwe akuluakuluwo ankangolipenya. Chipolopolo chomwe apolisi ankanyamula pantchito chinali ndi mutu wa mtovu wobulungira wa 158 grain, omwe ndi magalamu 10 ndi kanthu, ndipo chinkayenda pang'onopang'ono, cha m'ma mamita 250 pa sekondi kapena kucheperapo. Mutu wobulungira chonchi sufutukuka, umangodutsa, ukhoza kulowa mwa munthu amene akuwombera apolisi n'kutulukira kuseri osamuimitsa, n'kukapeza mayi amene amangodziyendera tsidya lina la msewu, kapena kumenya khoma n'kunjanja kupita kwina. Apolisi ankadandaula nazo kwambiri.

Jurras anatembenuza masamu. Anachepetsa kulemera kwa mutu kufika pa 110 grain, magalamu 7 basi, anauveka kajekete kopyapyala ka mkuwa kuti mtovu usamatirire mumpope pa spidi yayikulu, ndiye kutsogolo anasiyako mtovu poyera, pena ndi kadzenje, zomwe amati hollow point. Mutu wopepuka umathamanga, wake unkapitirira mamita 300 pa sekondi mu volovolo yomweyo ya wapolisi, ndipo spidi imeneyo ndi yomwe imachititsa kuti kadzenje kaja katseguke, mutu n'kufutukuka n'kuima m'malo mopitirira. Nzeru ya mutu wofutukuka sanayambitse iyeyo ayi, inalipo kale pa mfuti zazitali zosakira nyama, ndipo odzaza okha ankaiyesayesa pa mfuti zazing'ono. Chimene iye anachita n'kuika m'bokosi, kugulitsa m'mashopu ndi kwa apolisi mochuluka, zomwe makampani akuluakulu a Remington ndi Winchester anali asanazione ngati za phindu. Kenako anawonjezera .357 Magnum, 9mm ya 90 grain, .44 Magnum ya 180 grain ndi .45 ya 190 grain, zonse zopepuka poyerekeza ndi zomwe anthu anazolowera.

Madala aja akamakumbukira satchula manambala onsewa, amatchula phokoso ndi moto. Amati ukawombera madzulo kukamwa kwa mfuti kunkatuluka lawi looneka, kulira kwake kunali kothwa m'makutu kusiyana ndi kwa zakale zija. China chomwe amakumbukira n'choti zinkamenya m'munsi mwa pomwe walunjika, ndipo ambiri amadabwa poti amaganiza kuti chothamanga chiyenera kukwera. Chifukwa chake n'chakuti mfuti yaing'ono imayamba kudzuka kukamwa mutu usanatuluke mumpope, ndiye mutu wolemera woyenda pang'onopang'ono umatuluka mpope utadzuka kale, pomwe wopepuka umakhala wapita mpope ukadali pansi. Mavolovolo ambiri a apolisi zolunjikira zake zinali zosasunthika, zopangidwira 158 grain, ndiye munthu ankayenera kuphunziranso polozera. Mpaka pano makasitomala amabwera kudzati mfuti yanga yapindika, pomwe angosintha mtundu wa zipolopolo.

Sikuti aliyense anakondwa nazo. Pangano la ku Hague la 1899 linaletsa zipolopolo zofutukuka pa nkhondo, zija zimatchedwa dum-dum potengera fakitale ya asilikali a Britain pa Dum Dum pafupi ndi Calcutta, ndiye m'ma 1970 omenyera ufulu wa anthu ku America anafunsa kuti chinthu choletsedwa kwa msilikali chikuloledwa bwanji kwa wapolisi pakati pa anthu wamba. Funsolo silopanda nzeru, bala la mutu wofutukuka ndi lalikulu, palibe chobisa. Apolisi ankayankha kuti m'tawuni choopsa kwambiri ndi chipolopolo chodutsa n'kukalasa wosalakwa. Mkanganowu unatenga zaka, moti apolisi a mzinda wa New York anadzavomereza hollow point kumapeto kwenikweni kwa zaka za m'ma 1990. Ine ndimaona kuti mbali ya apolisi inali ndi mfundo yolimba pa nkhani ya odutsa m'njira, koma anthu amene amakamba za zipolopolozi ngati akukamba za mpira amandinyansa, ichi ndi chida chophera munthu ndipo tizichitchula choncho.

Nanga kampani ya nzeru chonchi inafa bwanji? Bwererani ku zinthu zinayi zija. Kampani yaing'ono ikhoza kupanga mitu yake, ikhoza kusankha wonga, ikhoza kulumikiza zonse mwaluso, koma kupanga makoko ndi ma primer ndi nkhani ina, pamafunika mashini olemera okoka mkuwa, ndipo mankhwala a mu primer ndi ophulika moti fakitale yake imafuna malo akeake ndi chuma chambiri. Super Vel inkagulitsa zipolopolo zatsopano, osati zodzazanso, ndiye inkafuna makoko atsopano ambirimbiri ndipo inkawagula kwa ena. Pamene inali yaing'ono akuluakulu sankaiwerengera, anali kasitomala chabe. Itayamba kuwalanda maoda a apolisi anadzidzimuka, Remington, Winchester, Smith & Wesson ndi Speer onse anatulutsa zawo zopepuka zothamanga, ndiye tangoganizani, amene ukulimbirana naye kasitomala ali m'gulu lomwelo la anthu amene amakugulitsa makoko. Katundu anayamba kuvuta kupeza, oda ilipo koma chodzazira palibe.

Pamwamba pa izo panabwera za msonkho. Ku America wopanga zipolopolo amalipira boma 11 peresenti pa zomwe wagulitsa, ndalama yomwe kuchokera pa lamulo la Pittman-Robertson la 1937 imapita kosamalira nyama zakutchire, ndipo boma silifunsa ngati makoko afika kapena ayi. Super Vel inakodwa pa nkhani ya msonkho ndalama zitayamba kuvuta, ndipo pofika mu 1975 fakitale ya pa Shelbyville inali itatseka. Dzinalo linagulidwa ndi ena n'kuyendako pang'ono, m'zaka za m'ma 2010 linadzutsidwanso ku Nevada, koma imeneyo ndi kampani ina, anthu ena. Jurras mwiniwake anamwalira mu 2017.

Odzazanso ang'onoang'ono aja nawo ambiri anatha m'njira yofananako. Lamulo la Gun Control Act la 1968 linafuna kuti aliyense wopanga zipolopolo zogulitsa akhale ndi layisensi ya boma, inshuwalansi inakwera, kenako m'ma 1980 ndi 1990 apolisi anasiya mavolovolo n'kutenga mapisitolo omwe amalavula makoko pansi, opanga mfuti nawo n'kumalemba m'mabuku awo kuti mukagwiritsa zodzazanso chitsimikizo chathu chatha. Vuto losowa katundu linadzabweranso, ulendo uno pa ma primer. Mu 2020 ndi 2021 anthu atagula zipolopolo mwamantha nthawi ya Covid, ma primer anasoweratu m'mashopu chifukwa opanga akuluakulu kuno anali anayi okha, CCI, Federal, Remington ndi Winchester, atatu oyambawo ali pansi pa mwini mmodzi, ndipo aliyense ankayamba wadzaza mabokosi ake asanagulitse kwa wodzaza wa m'galaja.

Komanso tisamukweze Jurras kupitirira muyeso, si zonse zomwe ankakhulupirira zomwe zinapirira. Pa 11 April 1986 ku Miami apolisi a FBI anawomberana ndi achifwamba awiri, apolisi awiri anafa, ndipo pofufuza anapeza kuti chipolopolo china chopepuka cha 9mm, cha kampani ina, chinafutukuka msanga n'kuima chisanafike pofunika. Kuchokera pamenepo FBI inakhazikitsa muyeso woti mutu uzilowa mainchesi 12 mpaka 18 mu phala lolimba la gelatin loyesera zipolopolo, ndipo msika unabwerera ku mitu yolemerako. Ndiye kadzenje ndi jekete zinakhala, koma chikhulupiriro choti spidi ndiye zonse chinagwa.

Tsono mabokosi akalewa amatulukabe, makamaka mwini wake akamwalira ana n'kumasesa m'galaja. Ngati ndi bokosi lachikasu la Super Vel lolembedwa Shelbyville, lodzadza, ndimawauza kuti asawombere, osonkhanitsa zinthu zakale amalifuna lili lomwelo ndipo limaposa mtengo wa zipolopolo zatsopano. Chimene chimandidetsa nkhawa ndi matini ndi mabokosi osalembedwa a odzazanso aja. Dzina lodindidwa kuthako kwa khoko ndi la amene anapanga khokolo poyamba, si la amene anathira wonga komaliza, ndiye ukhoza kuwerenga Winchester pomwe wadzaza ndi munthu wina m'shedi mwake usiku atatopa. Khoko la .38 Special ndi lalikulu chifukwa linapangidwira wonga wakuda wakale kumapeto kwa zaka za m'ma 1890, wonga wamakono umangokhala pang'ono pansi pake, moti munthu akathira kawiri mwangozi mutu umakhalabe bwinobwino, kunja osaoneka chilichonse, mpaka mfuti itaphulikira m'manja. Pena amaiwala kuthira n'komwe, primer yokha n'kukankha mutu kukaima pakati pa mpope, wowombera osazindikira n'kuwomberanso chachiwiri. Mukaona makoko obiriwira m'mbali, ong'aluka kukamwa kapena bokosi lonunkha mowawasa, musaponye m'bini ndipo musawotche, imbirani apolisi a m'dera lanu pa nambala yosakhala ya ngozi kapena funsani pamalo ophunzirira kuwombera, adzakuuzani kokasiya.