Tuba yakale ikameza mouthpiece

Mwagula tuba yakale, lipenga lalikulu la mawu a besi, mwalowetsa mouthpiece yanu, kachitsulo koikapo milomo poimba, koma yamira mchira wonse n'kumagwedera ngati dzino lofuna kuguluka. Musafulumire kunena kuti lipengalo ndi lowonongeka. Ma tuba ena akale, monga a kampani ya Alexander ya ku Mainz m'dziko la Germany, ankapangidwa ndi bowo lalikulu lolowetsamo mouthpiece, limene oimba amati receiver.

Mchira wa mouthpiece umaonda pang'onopang'ono kupita kunsonga. Wa muyezo wa ku America nsonga yake ndi mamilimita pafupifupi 13.2, wa ku Ulaya 13.5, ndipo wotchedwa Kaiser ndi wonenepa kuposa apo. Kusiyana kwake n'kochepa moti diso silingakuone. Koma poti mchirawo umaonda pafupifupi milimita imodzi pa mamilimita 20 aliwonse, kakusiyana komweko kamamiza mouthpiece ndi mamilimita ena 5 kapena 6. Ikamira choncho mawu amakwera pang'ono, ndipo ikamagwedera mpweya umathawira m'mbali. Woimba amayamba kuimba mlandu milomo yake, chonsecho vuto lili pachitsulo.

Ine poyeza sindidalira dzina la muyezo, chifukwa opanga amasiyana. Ndimapaka inki ya cholembera cha maka pamchira, n'kulowetsa, n'kupotokola pang'ono. Ndikatulutsa ndimayang'ana pomwe inki yafufutika. Ikafufutika mchira wonse, zagwirana. Ikafufutika kamzere kamodzi kokha, ndiye kuti sizinagwirane: mwina bowolo linaphwanyika kapena linakula ndi ukalamba, ndipo mouthpiece yonenepa yokha singathetse vutolo. Yokwana bwino imalowa mamilimita pafupifupi 25.

Kukulunga tepi ya mapulambala pamchira kungakupulumutseni tsiku la konsati, koma tepi imanyenyeka, zidutswa zake n'kulowa m'chitoliro cha lipenga. Kachitsulo kovalika pamchira, ka adapta, n'kabwinoko, bola kasatalikitse lipenga mpaka mawu kutsika. Chimene ndimalangiza kwambiri ndi mouthpiece ya zigawo zomanga ndi mazinga, monga zopangidwa ndi Doug Elliott wa ku America: chigawo chokhudza milomo chomwe munazolowera mumachisunga, n'kusintha mchira wokha.

Ena amathamangira kuchotsa receiver n'kuwotcherera yatsopano. Zimatheka, koma pa ma tuba ena akale receiver siili payokha, ndi nsonga ya chitoliro chomwecho yomwe anangoitambasula. Mukadula pamenepo, lipenga lingasinthe kaimbidwe, ndipo chomwe mwadulacho simungachibwezere.

Kumenya mouthpiece ndi chikhatho kuti igwire, chonde lekani. Ikakanirira mumadzafuna chozulira chake, ndipo amene amayesa ndi pulayala amabwera kwa ine chitoliro chitapindika.