Pulopela ya nambala yaikulu si ndiye liwiro

Ndakhala ndikukonza injini za maboti kuno kunyanja kwa zaka zambiri ndithu, nde pali chinthu chimodzi chomwe chimandiwawa mtima mpaka lero. Munthu amagula injini ya ndalama zankhaninkhani, amaisamala bwinobwino, oyilo wabwino, mapulagi atsopano, kuifunditsa ikagona, koma ikafika nkhani ya pulopela amangotola iliyonse yomwe yalowa pa shafti. Ikalowa basi, ati zili bho. Pakatha miyezi ingapo uyo akubwera nayo pa wilibala, ati amakaniko tandionereni injiniyi yatha mphamvu.

Nthawi ya mwera chaka chathachi kunabwera bambo wina, mwini chilimira, ndi Yamaha Enduro ya 40. Kanali kachiwiri kubwera nayo pa vuto lomwelomwelo. Nditatsegula ndinapeza mapisitoni akuda bii, kaboni atachita kuundana pamwamba, maring'i atamatirira moti kuwachotsa kwake kunali kochita kutokosa. Ndinawauza kuti achimwene, ulendo uno sindimanga injiniyi ndisanaone pulopela yanu. Atabweretsa ndinapukuta pakati pa mapiko paja pamalembedwa manambala, palembedwa 11 x 15 - G. Ndinafunsa, iyi munaitenga kuti? Ati anandigulitsa mnzanga, anati ya 15 imathamanga kuposa ya 13 yomwe inabwera ndi injini. Boti lawo ndi lamatabwa, lalitali pafupifupi mamita 9, limanyamula alovi, omwe ndi asodzi ogwira ntchito m'botimo, ukonde wonyowa, zigubu za petulo, kukoka mabwato a nyali kumbuyo, pobwerera kuonjezera usipa. Pulopela imeneyo ndi ya kaboti kopepuka ka faiba konyamula anthu awiri atatu. Injiniyo sinali yodwala ayi, amachita kuipha pang'onopang'ono usiku uliwonse.

Tiyambe ndi manambala aja poti ambiri amangowaona. Yoyambayo ndi kukula kwa pulopela, mukati muyeze bwalo lomwe mapiko amajambula pozungulira, kuchoka mbali ina kufika mbali ina. Yachiwiriyo ndiye pitch. Zonse zili mu mainchi, ndipo inchi imodzi ndi masentimita 2.54. Pitch ndi mtunda womwe pulopela ikanayenda chakutsogolo ikazungulira kamodzi, zikanakhala kuti ikuboola chinthu cholimba ngati momwe sikulu imalowera m'thabwa. Nde ya 11 ikanayenda masentimita 28, ya 13 masentimita 33, ya 15 masentimita 38. Apa mpomwe anthu amapusitsikira, amati mesa ya 15 ikuponda sitepe yaitali, ndiye kuti ifika msanga. Zoona sitepe ndi yaitali, koma funso ndi loti injini ili ndi mphamvu zoponda sitepe imeneyo kangati pa mphindi, ndi katundu amene mwaisenzetsayo?

Afunseni anyamata a kabaza. Njinga ya magiya, pa tala posalala uli wekha, umaika giya yolimba nkumauluka. Koma unyamule matumba awiri a makala nkuyamba kukwera chitunda ndi giya yomweyo, miyendo imakana, umapalasa pang'onopang'ono, thukuta kamukamu, mawondo kuwawa, ndipo mnzako amene waika giya yofewa akupitirira. Galimoto ili ndi magiya anayi asanu, dalaivala amasintha malinga ndi msewu. Injini ya boti ili ndi giya imodzi yokha yopita kutsogolo. Pulopela ndiye giya yanu, mumasankha muli pagombe, mukalowa m'madzi mwasankha basi. Ndipo boti lodzadza limakhala ngati likukwera chitunda ulendo wonse, madzi alibe potsetsereka.

Tsono yoyenera mumaidziwa bwanji? Injini iliyonse anaipangira mlingo wa ma rev, kutanthauza kuti imazungulira kangati pa mphindi, womwe imayenera kufika mukatsegula moto wonse, ndipo zimalembedwa m'buku lake. Ma Enduro omwe adzadza m'madoko athuwa, ya 15, ya 25 ndi ya 40, mlingo wake ndi 4500 mpaka 5500 pa mphindi. Za four stroke zambiri zimakwererapo, zina 5000 mpaka 6000, nde onani buku la injini yanuyo kaya ndi Suzuki, Tohatsu kapena Mercury. Pitch yoyenera ndi yomwe ikulola injini kulowa mu mlingo umenewo boti litanyamula katundu amene limanyamula masiku onse. Nkhani yonse yagona pamenepa. Osati katundu wa tsiku loyesa injini muli anthu awiri ndi chigubu chimodzi ayi, katundu weniweni wa kuntchito.

Ikalephera kufika 4500 ndiye kuti pitch yakula. Injini imalira mobuula, mawu okhuthala ngati ikukoka chinthu, moto mwatsegula wonse petulo akulowa wambiri koma siikutha kumuotcha bwino, mkati mukutentha kwambiri, kaboni akuchuluka, mapulagi kuda msangamsanga, mapeto ake ndi aja ndinapeza mu injini ya bambo aja, nthawi zina pisitoni kuchita kubooka pamwamba. Ikapitirira 5500 ndiye kuti pitch yachepa, injini imalira mokuwa, liwiro osaoneka, ma bearing ndi crankshaft nkumavutika. Zonse ziwiri ndi zoipa, koma kuno kwathu odwala ambiri omwe ndimalandira ndi a pitch yaikulu, chifukwa maboti athu ndi olemera ndipo aliyense amafuna nambala yaikulu.

Khutu limathandiza koma limanama, makamaka ngati injiniyo mwaizolowera ikulira molakwika kuyambira kale. Pali timamita tating'ono towerenga ma rev, kukula kwake ngati bokosi la machesi, kali ndi kawaya kamodzi komwe mumangokulunga kanayi kasanu pa waya wa pulagi. Ine ndimayenda nako m'thumba. Chenjezo limodzi, timamita timeneti timakhala ndi ma setting, nde yambani mwaona injini ili pa silo, ikungolira musanatsegule moto, iyenera kuonetsa cha m'ma 1000 kapena kutsikirapo pang'ono. Ikaonetsa 2000 injini ikungolira mwakachetechete, dziwani kuti kakuwerenga kawiri, sinthani setting musanakhulupirire nambala iliyonse. Mukatero lowani m'madzi tsiku labata, katundu yense m'boti, tsegulani moto wonse kwa mphindi imodzi kapena ziwiri, lembani nambala yomwe yakhazikika.

Ndi bambo aja tinachita zomwezo nditamanga injini nkuipatsa masiku oti maring'i atsopano akhazikike. Alovi onse anakwera, ukonde momwemo. Ndi pulopela ya 15 ija kamita kanakakamira pa 3900, osasuntha. Pali lamulo lomwe amakaniko timagwiritsa ntchito, loti mukatsitsa pitch ndi inchi imodzi ma rev amakwera ndi 150 mpaka 200, mukakweza ndi inchi imodzi amatsika chimodzimodzi. Si lamulo la ndendende koma limakufikitsa pafupi. Ife timasowa ma rev osachepera 600 kuti tingolowa mu mlingo, nde kubwerera pa 13 sikukanakwana. Tinamanga 11 5/8 x 11, yomwe pitch ndi yochepa koma mapiko ndi otambalala, yogwira madzi ambiri. Kamita kanafika 4650. Boti linanyamuka mopepuka, ndipo chomwe chinawadabwitsa bambowo nchoti liwiro silinatsike, anachita kuyang'ana kumbuyo kuona mafunde kenako nkundiyang'ana ine.

Chifukwa chake nchosavuta. Tiwerengere limodzi. Giyabokosi ya 40 imachepetsa ma rev ndi theka, injini ikazungulira 5000 pulopela imazungulira 2500. Ndi pitch ya 13, pa pepala boti likanathamanga pafupifupi makilomita 50 pa ola. Ndani anaonapo boti lamatabwa lodzadza usipa likuthamanga choncho? Madzi si thabwa, pulopela imaterereka, ndipo boti likalemera kutererekako kumachuluka. Komanso boti lolemera lomwe limayenda litamira m'madzi, losakwera pamwamba ngati tija ta alendo ku Cape Maclear, lili ndi malire ake a liwiro malinga ndi kutalika kwake. Likafika pamenepo mphamvu yoonjezera imangothera kukumba dzenje kumbuyo ndi kukweza funde kutsogolo. Nde kuika pitch yaikulu pa boti lotere simupindula liwiro, mumangotsamwitsa injini.

Funso lomwe asodzi amandifunsa, ndipo ndi funso labwino, ndi loti nanga popeza popita timakhala opepukirapo pobwera olemera, tisankhe ya ulendo uti? Ine ndimati sankhani ya pobwera. Pobwera mpomwe pali ngozi, mwatopa, boti lamira, mwina mwera wayamba kuwomba ndipo mukufuna injini yomvera msanga mukaipatsa moto kuti mukwere funde. Popita, ngati ma rev akufuna kupitirira 5500, dzanja lanu ndi lomwe libweze moto pang'ono, palibe chovuta. Koma pitch ikakula palibe chomwe dzanja lingachite. Chimodzimodzi a maboti onyamula anthu ndi katundu, kaya ndi pakati pa Likoma ndi Chizumulu kapena ochoka pa Nkhata Bay kulowera ku Usisya ndi matumba a ufa ndi simenti, yezani tsiku lomwe mwadzadza. Ndipo pitch ikakhala yoyenera mudzaona kuti simukufunikanso kuyenda moto wonse nthawi zonse, mukabweza pang'ono liwiro limatsika mwapang'ono zedi koma petulo amapulumuka wooneka ndi maso, ndi mmene mafuta akuvutiramu imeneyo si nkhani yaing'ono.

China chomwe ambiri sachiganizira, nyanja yathuyi ili pamwamba, mamita opitirira 470 kuchokera pa nyanja yamchere. Mpweya kuno ndi wopepukirapo, ndipo injini imataya pafupifupi 3 peresenti ya mphamvu pa mamita 300 aliwonse omwe mwakwera. Nde injini yomwe imakoka bwino pulopela ina yake ku Beira kapena ku Dar es Salaam, ikafika ku Monkey Bay yataya kale pafupifupi 5 peresenti. Si zambiri, koma ngati inali kale m'malire zimakwana kuigwetsa pansi pa mlingo.

Koma musathamangire kugula pulopela ina musanaone zinthu zina, chifukwa ma rev otsika si nthawi zonse amachokera ku pitch. Ngati injini imafika bwino kale ndi pulopela yomweyo nde pano yasiya, vuto lili kwina, mwina kabuleta yada, pulagi imodzi siikuotcha, kompulesheni yatsika, kapena boti lamwa madzi ndipo pansi pamera ndere. Kutsitsa pitch pamenepo nkungobisa matenda. Kumbali inayi, injini ikamakuwa boti osayenda, onani labala yomwe ili pakati pa pulopela. Labala imeneyo anaiika dala kuti mukagunda mwala iterereke m'malo mothyola magiya, ndipo ikatha imayamba kuterereka yokha mukangopatsa moto. Jambulani mzere ndi penti kuchoka pa chitsulo chapakati kufika pa thupi la pulopela, yendani pang'ono, mukapeza mzere wasemphana ndiye kuti labala yapita. Onaninso mmene injini yakhalira pa thabwa lakumbuyo. Kachitsulo kafulati kali pamwamba pa pulopela kaja kayenera kukhala molingana ndi pansi pa boti kapena kutsikirako pang'ono, kakakwera pulopela imayamwa mpweya makamaka pa mafunde ndi pokhota. Ndaonapo injini ya mwendo waufupi, wa mainchi 15, itamangidwa pa boti lofuna wa mainchi 20, mwiniwake nkumasintha mapulopela osapeza yankho.

Pogula, chilembo chakumapeto chija musachinyoze. Pa Yamaha, J ndi ya banja la 9.9 ndi 15, F ndi ya 25 ndi 30, G ndi ya 40, ndipo mano a pa shafti amasiyana, 8, 10 ndi 13. Pa 15 yokankha boti lolemera ine ndimayambira pa 9 1/4 x 8 kapena x 9 nkuyeza, osati 11 kapena 12. Ndipo chonde, izi zowongola mapiko ndi hamala pa mwala, ndikudziwa kuti nthawi zina kulibe kuchitira mwina muli kutali, koma dziwani kuti phiko lililonse limatsala ndi pitch yakeyake, pulopela imayamba kunjenjemera, kunjenjemerako kumadya ma bearing ndi ma seal a giyabokosi. Mukamva chogwirira chikunjenjemera m'manja kuposa kale, yafika nthawi yoti ipume.

Pulopela yakale yomwe ikadali bwino musagulitse, ikhale sipeya m'boti pamodzi ndi sipanala, nati ndi kapini kotsekera nati kaja, zokulunga mu kansalu ka oyilo. Ndipo kamodzi pa mwezi muziichotsa yomwe ikugwira ntchitoyo, muchotse ulusi wa ukonde womwe umakulungika kuseri kwake chifukwa umadula seal madzi nkulowa mu giyabokosi, oyilo nkusanduka ngati mkaka. Pakani girisi pa shafti, ndipo pobwezera washa wokhuthala uja alowe koyamba pulopela isanalowe.