Ntchemberezandonda timaziona mochedwa

Alimi ambiri a ku Thuchila ndi ku Muloza amandiitana chimanga chitafika kale m'mawondo, masamba ali zibowo zokhazokha. Ndikafunyulula nsonga ndimapeza ndowe zonga utuchi wonyowa, pansi pake pali mbozi imodzi yonenepa. Pamenepo mankhwala sathandiza kwenikweni, chifukwa mboziyo yabisala mkati ndipo ndowe zake zatseka pakhomo.

Mbozi iyi ndi yachilendo. Kwawo ndi ku America, ndipo mu Africa idapezeka koyamba mu 2016. Pofika Disembala 2017, Pulezidenti Peter Mutharika adalengeza kuti maboma 20 mwa 28 ali pa ngozi chifukwa cha iyo. Kuti musaisokoneze ndi kapuchi, mbozi ina yoboola phesi la chimanga, yang'anani kumutu: ili ndi chizindikiro chonga Y wozondoka, ndipo chakumchira kuli timadontho takuda tinayi.

Mayi wake ndi gulugufe wotuwa wouluka usiku. Amaikira mazira pa tsamba m'magulu a 100 mpaka 200, n'kuwaphimba ndi timaubweya. Kukatentha, masiku awiri kapena atatu aswa basi. Timbozi tating'onoto sitiboola tsamba, timangolipala n'kusiya timawanga tombuwira toonekera ngati pepala. Apa ndi pomwe mlimi ali ndi mphamvu, koma apanso ndi pomwe ambiri sakhala akuyang'ana. Zikamakula zimadyana zokhazokha, n'chifukwa chake mu nsonga mumatsala imodzi. Ikakhuta imalowa m'dothi, kenako n'kutuluka ili gulugufe. Zonsezi zimatenga pafupifupi mwezi umodzi.

Kuno kwathu madimba sauma, chimanga chachiwisi chimapezeka ngakhale m'chilimwe. Choncho mbozi siisowa chakudya, imangosamuka kudimba kupita kumunda wa mvula.

Chimanga chikangomera, yendani m'munda kawiri pa sabata, m'mamawa. Musangoyang'ana kumphepete, lowani mkati, mutembenuze masamba. Mazira mukawapeza, afinyeni ndi zala. Mu nsonga thirani kadothi, mchenga kapena phulusa pang'ono. Ena amawaza msuzi wa usipa kuti nyerere zibwere kudzagwira mbozi, ndipo ine sindiwaletsa. Nandolo amene tidazolowera kudzala m'chimanga musamusiye, munda wosakaniza umasunga tizilombo todya mbozizi.

Zikafika popopera mankhwala, funsani kaye alangizi a m'dera lanu. Poperani madzulo kapena m'mamawa, muloze mu nsonga momwemo, mutavala zodzitetezera. Chimandiwawa kuona mwana atabereka sipuleya, ali wosavala nsapato, dzuwa lili pamutu.