Pulopela ya ndege musaiyandikire, ngakhale itaima

Bwalo la ndege la Mzuzu lili mkati mwa mzinda, ndipo ndege zambiri zotera pano ndi zing'onozing'ono, za pulopela, chitsulo chija chimazungulira ngati fani kumphuno kwa ndege kapena pamapiko. Uthengawu ukupita kwa apaulendo, operekeza, onyamula katundu ndi makolo a ana okonda kuthamangira ndege.

Pulopela ikamazungulira sioneka. Ya ndege ngati Cessna 172 imatha kuzungulira ka 2,700 pa miniti imodzi, ndipo ngakhale injini ikungolira pang'onopang'ono, imadula mkono kapena kuphwanya mutu nthawi yomweyo. Wina akakukuwirani kuti imani, simungamve chifukwa cha phokoso.

Chimene ambiri sadziwa n'chakuti pulopela yoima nayonso imapha. Injini za ndege zambiri zazing'ono siziyembekezera batire kuti zipeze moto. Zili ndi kachipangizo kotchedwa magneto, kamene kamapanga moto pulopela ikangotembenuka. Kawaya kozimitsira kakaduka, zimene sizioneka ndi maso, injini imatha kulira ngakhale kiyi atazulidwa. Munthu wongoikankha pang'ono ndi dzanja, kapena woitsamira pojambulitsa chithunzi, akhoza kuidzutsa. Chonde, musaigwire.

Musapite ku ndege woyendetsa kapena wantchito wa pabwalo asanakuitaneni, ndipo mudzere njira imene wakulozerani basi. Nyale yofiira ikamathwanima pandege, kapena mukamva woyendetsa akufuula kuti "Clear prop!", ndiye kuti injini ikulira posachedwa. Potsika, dikirani pulopela iime ndithu. Mwana mumugwire dzanja osamutaya. Mangani bwino chitenje ndi duku, ndipo chipewa chikauluka chisiyeni chipite, musachithamangire. Foni ikhale m'thumba. Kudutsa pabwalo pofuna kufupikitsa njira, kaya wapansi kaya pa njinga, n'kuika moyo pachiswe.

Ngozi ikachitika, musathamangire wovulalayo injini isanazime. Kenako tsindikani bala mwamphamvu ndi nsalu yoyera osalekeza. Ikanyowa magazi, sanjikizani ina pamwamba. Ngati magazi a pamkono kapena pamwendo sakuleka, mangani zolimba kumtunda kwa balalo ndipo mulembe nthawi imene mwamanga. Ngati chiwalo chaduka, chikulungeni m'nsalu yoyera yonyowa, muchiike m'pepala la pulasitiki lomanga bwino, kenako m'madzi a ayezi. Musamupatse chakudya kapena chakumwa. Thamangirani naye ku chipatala chachikulu cha Mzuzu Central.