Mwabwerako ku ulendo wa mapemphero? Musamangoti "ndi kutopa"

Uthengawu ukupita kwa inu abambo, amayi ndi achinyamata a kuno ku Mchinji amene mwayenda wapansi masiku angapo kukapemphera, kaya kunali ku Ludzi, ku Guilleme, ku Kachebere kapena kutali kuposa apo. Upitenso kwa atsogoleri a miphakati ndi a mipingo ina, poti ndinu mukudziwa amene anali pa ulendowo.

Kutopa kulipo ndithu, sitikukana. Miyendo yonse iwiri imatupa, msana umawawa, mapazi amachita matuza. Izi zimachepa pakatha masiku awiri kapena atatu munthu akapuma, akamadya bwino, kumwa madzi ambiri otetezedwa ndi kutsamiritsa miyendo pamwamba pogona. Matuza musawaboole ndi minga kapena singano. Lophulika lokha litsukeni ndi sopo ndi madzi oyera, mulimange ndi kansalu kochapa. Mphini pa mwendo wotupa ayi: mulibe magazi oipa oti atuluke m'menemo, ndipo lezala amangotsegulira njira kafumbata.

Chimene chikutidetsa nkhawa ndi china. Ambiri a inu munagona panja, m'makalasi kapena pakhonde la tchalitchi, opanda neti. Udzudzu ukaluma, malungo saonekera tsiku lomwelo. Amatenga sabata kapena kuposerapo, kawirikawiri masiku 10 mpaka 15. Ndiye kuti munthu amafika kunyumba ali bwino, n'kupita ngakhale kudimba, kenako mutu, kuphwanya m'thupi, kuzizidwa. Apa m'pamene a pabanja amati, "Asiyeni agone, ndi kutopa kwa ulendo kuja." Kutopa kwanji kobwera patatha sabata ziwiri? Kutopa sikutenthetsa thupi, sikunjenjemeretsa munthu masana dzuwa likuswa mtengo.

Thupi likatentha, pitani kuchipatala tsiku lomwelo, lisadutse. Kuyezetsa ndi kadontho ka magazi a pachala, zotsatira zimatuluka muli pomwepo, ndipo m'zipatala za boma ndi ulere. Akakupezani ndi malungo mudzalandira LA, womwa kawiri pa tsiku kwa masiku 3. Mumalize ngakhale mutayamba kupeza bwino. Panado amangoziziritsa thupi, tizirombo tili m'magazi tikuswana. Amayi oyembekezera ndi ana amene anali nawo pa ulendo asadikire n'komwe kuti kuche.

Ena akuti munthu wochokera kokapemphera sangadwale, kapena kuti ululuwo ndi mtanda woti ausenze. Chikhulupiriro chanu timachilemekeza, ifenso ndife opemphera. Koma zipatala za mishoni zili m'boma muno anazimanga ndi a mpingo omwewo, ndipo anazimangira odwala. Kupita kukayezetsa sikuchotsa madalitso a ulendo wanu.

Zinanso zimene si kutopa, ndipo n'zofunika kuthamanga nazo:

Mkodzo wakuda ngati tiyi wopanda mkaka, kapena wotuluka pang'ono kwambiri. Minofu ikavulala ndi kuyenda, thupi lili louma, impso zimatha kuwonongeka. Choipitsitsa n'chakuti ambiri amagula bulufeni kapena indosidi pa okala n'kumamwa awiriawiri kuti miyendo ileke kuwawa. Mankhwala amenewa amapweteka impso za munthu amene m'thupi mwake mwachepa madzi, ndipo amakanda m'mimba.

Mwendo umodzi wokha wotupa, wotentha ndi wowawa pa katumba, makamaka ngati munabwerera pa lole mutapinda miyendo nthawi yaitali. Musauthowe, musausisite. Akhoza kukhala magazi oundana, ndipo kupuma kukayamba kubanika ndiye kuti zafika poopsa.

Kutsegula m'mimba kwamadzimadzi. Ikhoza kukhala kolera. Sungunulani paketi imodzi ya Thanzi mu lita imodzi ya madzi otetezedwa, wodwala azimwa muli pa njira. Kolera ya mu 2022 ndi 2023 inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno.

Chilonda cha paphazi kwa wodwala shuga, ngakhale chisakuwawa. Kusawawako ndiye vuto lake.

Inu atsogoleri, chonde musatseke kaundula wa ulendo pa tsiku lofika. Kwa sabata zitatu yenderani anthu anu, makamaka agogo okhala okha. Amene sanaoneke ku mphakati kapena ku kwaya, mukamuone kwawo. Mukamva akuti "angotopa", m'gwireni pamphumi. Ngati watentha, akusanza, akubwebweta kapena akulephera kukhala tsonga, pezani kabaza kapena ngolo nthawi yomweyo, ndipo mudziwitse mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu.