Kutentha kwa oyilo mu injini ya njinga yamoto

Njinga zamoto zambiri zimene zikuyenda mu Blantyre muno, makamaka za kabaza, zilibe rediyeta ngati ya galimoto. Injini yake imazizira ndi mphepo yowomba pa timizere tachitsulo tozungulira silinda, ndipo kutentha kotsalako kumanyamulidwa ndi oyilo. Oyiloyo ndi wochepa, pafupifupi lita imodzi yokha m'mainjini a 125cc ndi 150cc, choncho mphepo ikachepa iye ndi amene amayamba kupsa.

Oyilo amagwira bwino ntchito akakhala pakati pa madigiri 80 ndi 110. Akapitirira 120 kwa nthawi yaitali amasungunuka n'kukhala ngati madzi, amada msanga, ndipo amalephera kuteteza pisitoni kuti isakhulane ndi silinda. Eni njinga ambiri amaganiza kuti liwiro ndilo limatenthetsa injini, koma chimene ndimachiona kugalaja ndi chosiyana. Injini imavutika kwambiri pamene ikulira mwamphamvu koma njinga ikungokwawa, monga pa mdipiti wa magalimoto ku Limbe masana a mu Okutobala, kapena pokwera mtunda wa Thabwa kuchokera ku Chikwawa, pa giya yoyamba, kumbuyo kuli munthu ndi thumba la chimanga.

Mnyamata wina wa ku Ndirande anandibweretsera njinga imene inkatha mphamvu masana okhaokha. Nditayang'ana, ndinapeza timizere tonse tadzaza matope ouma a m'dzinja, ndipo oyilo nditamukhuthula ananunkha ngati mafuta otsalira pa chiwaya cha tchipisi. Tinatsuka timizereto ndi bulashi, n'kusintha oyilo, vuto n'kutha.

Njinga zimenezi sizibwera ndi geji yoonetsa kutentha, koma pali kachipangizo kokhala ndi nkhope ngati ya wotchi kamene kamamangidwa m'malo mwa chitsekero cha oyilo. Kawerengeni mukangoima, osati mukuyendetsa. Palinso chipangizo china choyezera patali ndi kuwala, chimene mumaloza pansi pa injini, ngakhale kuti chimaonetsa kutentha kwa chitsulo kokha, kumene kumacheperako poyerekeza ndi kwa oyilo wam'kati. Yezani masiku angapo pa ulendo womwewo kuti mudziwe nambala ya masiku onse ya njinga yanu, chifukwa ikadzakwera popanda chifukwa, kawirikawiri ndiye kuti oyilo wachepa kapena petulo akulowa wochepa mu kabuleta, chipangizo chosakaniza petulo ndi mpweya.

Podikira makasitomala pa siteji, zimitsani injini. Ikatentha kwambiri, iimikeni pamthunzi izizire yokha, ndipo chonde musaithire madzi ozizira monga ndimaonera ena akuchita, pakuti chitsulo chotentha chikazizira mwadzidzidzi chimatha kupindika kapena kung'aluka. Pogula oyilo, tsatirani zolembedwa m'buku la njinga yanu, ndipo onetsetsani kuti pabotolo palembedwa JASO MA, chizindikiro cha oyilo woyenera njinga zamoto, chifukwa kilatchi imasamba mu oyilo yemweyo, ndipo oyilo wina wa galimoto amaitereretsa.